Nkhadze ya Kuseri kwa Nyumba ku Area 15

Maluwa anga anabwera ku Lilongwe pamiyendo panga. Mipando, mabedi ndi kabati zinali kumbuyo kwa lole, koma zitini zanga zisanu ndi chimodzi ndinakana kuti zikagubuduzike ndi mipando. Ndinakhala nazo kutsogolo, ziwiri pamiyendo, zinazo kumapazi, kuchokera ku Zomba mpaka kufika. Amuna anga, omwe anali kalaliki mu unduna wina wa omwe ankasamukira ku likulu latsopano, ndi omwe ananyamula mwana njira yonse, uku akundiseka kuti ndakwatiwa ndi zitini. Iwo ndi a kumpoto, mkulu wa mpingo, munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Dothi amaliona ngati chinthu chochotsa pa nsapato basi.

Anatipatsa nyumba ku Area 15. Inkanunkha penti ndi simenti, ndipo bwalo lonse linali dothi lofiira lokhala ndi mapazi a katapila. Pa wayilesi ankanena kuti likulu lidzakhala mzinda wa maluwa, koma ine ndikayang'ana pawindo ndinkangoona fumbi, zitsa ndi njerwa zosweka. Chobiriwira chinali chimodzi chokha, chitsamba cha nkhadze chofika m'chiuno, kuseri kwa nyumba, pakati pa mulu wa njerwa ndi chitsa chachikulu. Katapila anachilambalala, kaya chifukwa cha chitsacho.

Tsiku lachitatu panafika bambo wina wachikulire pageti, khasu lakelake paphewa. Anali wa imvi, wowonda, wolankhula motsitsa. Akazi anzanga a m'nyumba zoyandikana ankatchula anthu otere kuti gadeniboyi ngakhale akhale ndi zidzukulu, koma ine pakamwa panandilemera, ndinkangoti madala. Madalawo anandiuza kuti mudzi wawo anausamutsira kutali, ulendo wa maola awiri wapansi. Pambuyo pake ndinamva kuti sanagogode pageti lina lililonse mu msewu wathu. Ine ndi kunyada kwanga ndinkayesa kuti anaona zitini pakhonde n'kudziwa kuti muno muli mayi wodziwa maluwa.

Ndinene pano pomwe, kuti musamayende mumdima mmene ndinayendera ine. Bwalo lathulo linali m'mphepete mwa mudzi wawo, ndipo pansi pa nkhadze ija panagona mwana wawo. Ntchito anaifuna pa ife kuti azisamala malowo. Ine sindinkadziwa, ndipo iwo sanandiuze.

Dzinja linadutsa tikudzala kapinga ndi marozi kumaso kwa nyumba. Kenako inafika Meyi, mitambo inachoka, ndipo ndinaphunzira kuti kuzizira kwa ku Lilongwe si kwa kwathu. Kwathu kumazizira ndi nkhungu, masamba amakhala onyowa mpaka masana. Kuno kumabwera mwera wouma wong'amba milomo, womwe umalowa pansi pa chitseko ndi fumbi lake. Maluwa anga a m'zitini anayamba kufota, makamaka aja a masamba ngati nthenga amene ndinazula m'mbali mwa kamtsinje ka paphiri. Ine kuona choncho ndinkawathira madzi m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ankangoipiraipira.

"Mukuwapha ndi chikondi, mayi," anatero madala tsiku lina atandipeza ndi jagi m'manja. "Nyengo ino maluwa amagona. Munthu wogona simumudzutsa kuti amwe madzi."

Anandionetsa kupisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, kukakhala konyowa kusiya. Anandichotsetsa zitini pawindo, ati galasi limazizira kuposa panja. Anandiletsa kuthirira madzulo chifukwa madzi ogona m'mizu amasanduka chisanu, n'kundiuza kuti ndizidikira dzuwa liyambe lafika pakhonde. Marozi anawaphimbira ndi udzu wouma m'tsinde, ndipo nditatenga sizasi kuti ndiwadulire anandiletsa, ati ndidikire Julaye. Ndinkawatsutsa pa chilichonse, chifukwa ine makani ndinabadwa nawo, koma pakutha pa milungu itatu maluwa a nthenga aja anatulutsa timasamba tatsopano topindika. Ndinawakonda madala amenewo, ndisaname.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkandipsetsa mtima. Munthu yemweyo amene ankandiwerengera madontho a madzi, m'mawa uliwonse akangofika ankatunga kheni yoyamba pa mpopi n'kupita nayo kuseri, kukathirira nkhadze. Abale, nkhadze. Chomera chimene ungachiponye pamwala n'kumera, chimene sichinapemphepo madzi kwa munthu chilengedwere. Akathirira ankazula tiudzu m'mbali ndi zala, n'kuima pang'ono chipewa chili m'manja, kenako n'kuyamba ntchito.

"Madala, nkhadze imathiriridwa kuyambira liti?" ndinawafunsa ndili pawindo la kukhitchini.

"Ndimangotsukirapo kheni, mayi."

"Kheni yodzadza?"

Anangoseka pang'ono n'kuyang'ana kumbali.

Kumayambiriro kwa Juni mwana wanga, yemwe anali ndi zaka zitatu, anathyola kanthambi ka nkhadze ija akusewera. Utomoni wake woyera ngati mkaka unamudonthera pa dzanja, ndipo ndinamugwira akulinyamula kupita nalo kumaso. Amene amaidziwa nkhadze akudziwa chimene utomoni umenewo umachita m'diso. Ndinamusambitsa ndi sopo. Madzulo ake amuna anga anagamula mwachidule, ndi Chichewa chawo cha m'buku chija, kuti chomera chimenecho chichotsedwe mawa. Ine ndinali kale ndi maganizo olima kuseri konse, popeza nyengo yozizira ndiyo ya kabichi ndi mpiru.

Ndinawauza madala m'mawa mwake. Anati amva. Tsiku linatha nkhadze ili chilili, ati chikwanje chabuntha. Tsiku lotsatira ati mphepo yachuluka, utomoni ungawalowe m'maso. Kenako anabwera ndi mtolo wa bango pamutu kuchokera kwawo, n'kumanga kampanda kuzungulira nkhadzeyo, kokongola bwino, kothithikana koti mwana sangapisepo dzanja.

"Ndinati mudule, sindinati muimangire nyumba," ndinatero.

"Mayi, ndapota nanu. Chilichonse pabwalo pano ndichita. Apa pokha pasiyeni."

"Chifukwa chiyani?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndikuwaona mpaka lero, ataima ndi luzi m'manja, milomo yothetheka ndi mphepo, maso ali pa mapazi anga. Ndikanadikira pang'ono mwina akananena. Koma ine sindidikira, ndinatembenuka n'kumenyetsa chitseko cha khitchini.

Ndinakadandaula kwa akazi anzanga a mu msewu wathu, omwe nawonso anali obwera ngati ine. Anandiuza kuti ndichenjere, anthu a kuno amakwirira zitsamba m'mabwalo a mabwana awo kuti asachotsedwe ntchito. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinawamvera. Munthu ankaimba nyimbo za m'tchalitchi tsiku lonse akupalira, Lamulungu sankagwira khasu, koma ine ndinasankha kukhulupirira amayi omwe sanamupatsepo ndi moni womwe.

Lachisanu lina ndinawatuma madala ku Msika wa Lilongwe kukagula mbewu za kabichi ndi mpiru, ndi miphika iwiri yadothi yoti ndisamutsiremo maluwa. Ndinkadziwa kuti kupita ku tauni yakale wapansi, kuwoloka mlatho, kusankha miphika mmene ankasankhira iwo, kuigogoda umodziumodzi, n'kubwerera, dzuwa likhala litapendeka. Masiku amenewo amuna ofuna ganyu ankadutsa m'misewu yathu m'magulu, ochokera m'maboma akutali, otsala pa ntchito za zomangamanga. Madala atangokhota pakona ndinaitana awiri.

Anagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa. Anadzimanga nsanza kumaso, anagwetsa kampanda ka bango, anadula nkhadze n'kukumba mizu yake yonse. Ndinawauza kuti asalekere pomwepo. Anazula chitsa chachikulu chija, anatuta mulu wa njerwa pa wilibala, anatipula kuseri konse kuchokera ku waya wa uku mpaka ku waya wa uko, anasalaza ndi leki, n'kukonza mabedi asanu oongoka bwino. Nthambi ndi chitsa anakataya kudambo. Ndikukumbukira kuti mmodzi wa iwo anatola phale la mphika m'dothi, analitembenuza, n'kuliponya kunja kwa waya. Ndinaliona likuuluka ndipo sindinaganize kanthu. Pofika masana kuseri kunali see, ndipo ine ndinaima pakhonde manja m'chiuno, mtima uli mbee.

Madala anafika miphika ili pamutu, atamanga bwino ndi udzu. Anazungulira nyumba kuti akaitule kukhitchini, ndipo atafika pakona anaima. Sanaigwetse miphikayo. Anaitula pansi mosamala, umodzi kenako unzake, n'kuyenda kulowa m'dothi lotipulalo. Anapita kumanja, anabwerera, anayang'ana kumene kunali chitsa, kumene kunali njerwa, koma kunalibe choti maso agwire. Anayenda choncho nthawi yaitali, mapazi akutitimira, mabedi anga atsopano akuphwasuka.

Ine ndinali nditakonzeka kukangana. Mawu ndinali nditawanola kale. Koma iwo anabwera n'kukhala pansi, padothi, patsogolo pa sitepe ya khitchini, munthu wamkulu ngati bambo anga.

"Mayi, tsinde la nkhadze linali pati?"

"Bwanji kodi, madala? Munakwirirapo chiyani?"

"Mwana wanga."

Analankhula osandiyang'ana. Anati anali woyamba, wamwamuna, ndipo anabadwa osalira. Mwana wotere amatchedwa nthayo. Sapita kumanda a akuluakulu, saliridwa maliro, sakhomeredwa bokosi. Amayi okhaokha amamunyamula n'kukamuika m'dzenje losazama kunja kwa mudzi, ndipo bambo ake sauzidwa malo. Zaka zambiri iwo sankadziwa. Koma atabwera anthu oyeza malo n'kunena kuti mudzi usamuka, manda aakulu anawalemba kuti asakhudzidwe, pomwe ana a nthayo panalibe amene anawawerenga. Tsiku lomaliza, katundu ali kale pa ngolo, akazi awo anaphwanya mwambo. Anawakokera kuseri n'kuwalozera ndi phazi kamodzi kokha, ndipo iwo anabaya pamenepo nthambi ya nkhadze.

"Nanga osandiuza bwanji?" Mawu anga anatuluka mokalipa, chifukwa ndikachita mantha ndimakalipa.

"Mwamuna sayenera kudziwa zimenezi, mayi, nanji kuzinena. Ndiponso abwana ndi mkulu wa mpingo, akanati ndi zachikunja. Mwina akanati ndikulimbirana malo ndi boma. Mukanandichotsa, ndikanalowa bwanji pageti?"

Zonsezo zinali zoona.

"Malowo ndi ochepa, ngati lichero basi," anatero. "Ine ndinkangoyang'ana nkhadze, sindinawerengepo mapazi. Inu munalipo pozula. Tangondilozerani."

Ndinayang'ana kuseri kuja. Dothi lonse linali lofanana, lofiira, la mizere ya leki. Pozula tsinde ine ndinali m'nyumba ndikupukuta masamba a maluwa anga ndi kansalu konyowa. Sindinkadziwa ngakhale pang'ono. Koma munthuyo anali pansi akundiyang'ana tsopano, ndipo kunena kuti sindikudziwa kunandikanika. Ndinatsika sitepe, ndinayenda molimba mtima ngati wodziwa, ndinaima kumapeto kwa bedi lachiwiri n'kuloza.

"Apa."

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Ndinaona ndi maso angawa."

Anagwada n'kusalaza malowo ndi zikhato. "Zikomo, mayi. Mulungu akudalitseni." Ndakhala ndikutukwanidwapo m'moyo, ndipo zambiri ndinaiwala, koma madalitso amenewo amandiwawabe.

Sindinawauze amuna anga. Ndinangoti bedi lachiwiri tilifupikitse, ndipo pamalo ndinalozapo madala anazunguliza timiyala n'kudzalapo maluwa oyera ang'onoang'ono osaopsa mwana. Ntchito inapitirira. Anafesa kabichi pa nazale, anamuphimba ndi udzu kuopa chisanu, anathira manyowa m'mabedi n'kuwatipulanso ndi khasu lawo, ndipo mbande zitakwana masamba anayi anaziwokera madzulo ena kutafunda pang'ono. Anayambanso kuimba. Ine ndi amene ndinasiya kutuluka kuseri, zovala ndinkayanika kumbali kwa nyumba.

Cha kumapeto kwa Julaye anandipempha kuti akazi awo abwere adzaone malowo. Ndikanakana bwanji? Anafika Loweruka m'mawa amuna anga atapita ku msonkhano wa kumpingo. Anali mayi wamfupi, wofunda nsalu ziwiri, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo. Anandipatsa moni atagwada, ine n'kugwada nawo. Madala anawatsogolera ku timiyala tija monyadira. Mayiwo anaima pamenepo, anayang'ana pansi, kenako anakweza maso kuyang'ana kunja kwa waya, kumene kunali mkuyu waukulu m'mphepete mwa dambo. Anayenda pang'onopang'ono m'tinjira ta pakati pa mabedi ngati akuyamikira ndiwo. Pa bedi lachitatu anaima, anawerama, anakhudza tsamba la kabichi mmodzi, n'kubwerera.

"Mwasamala bwino, bambo," anawauza amuna awo.

Ndinawaitanira tiyi kukhitchini. Madala anatsala panja akunola khasu. Mayiwo anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, kapu ili m'manja onse awiri kuti iwafunditse. Anamwa kawiri asanalankhule.

"Si pamenepo, mayi."

Ndinafuna kunamanso, koma kwa mayi amene analipo pokumba dzenjelo ukanama chiyani?

"Sindinaone pozula," ndinatero. "Ndinangoloza. Pepani, amayi, pepani ndithu."

"Ndadziwa. Tinkachokera pa mkuyu uwo, ine ndi apongozi anga ndi azamba. Malo amene unasiyapo mwana suwaiwala ngakhale agwetse mitengo yonse. Ali pakati pa bedi ilo lachitatu."

"Ndiwauza lero lomwe. Tizula kabichi yense."

"Ayi." Anaika kapu pansi. "Mwezi wathunthu akhala akutipula pamenepo ndi khasu lawo, akuthirapo ndowe, akupondapo. Mukawauza zimenezo mukhala mwawapha. Kunyumba tsopano akugona tulo, akudya. Olakwa ndine, ndinawaonetsa zosayenera kuona mwamuna. Izi n'zathu amayi, tizisunge ife."

Sanandikalipire, sanalire. Ndikanakonda akanandilavulira. Anatsiriza tiyi, anatsuka okha kapu ngakhale ndinawaletsa, ndipo potuluka sanayang'anenso ku bedi lachitatu. Sanabwerenso kwathu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkaona zonse pawindo la khitchini. M'mawa madala ankagwada pa timiyala paja, pamene panalibe kanthu koma dothi ndi bodza langa. Akadzuka ankatenga khasu n'kukapalira bedi lachitatu akuimba. Ndinayesa kupeza njira. Ndinati bedi limenelo lili ndi nsabwe, tizule, iwo anatembenuza tsamba lililonse n'kundionetsa kuti mulibe. Ndinati tilisiye lipume, anaseka n'kuti mbewu siipumitsidwa ili pakati pokula. Ndinati asamalowemo ndi khasu, azingozula udzu ndi manja, ndipo pamenepo anandiyang'ana ngati mutu wanga wayamba kusokonekera. Mwina unalidi utayamba. Ndikamva khasu likugunda kumeneko ndinkatsegula mpopi wa pa sinki kuti phokoso la madzi lindithandize.

Ndipo kabichi wa pabedi limenelo anakula kuposa yense. Ndikudziwa chifukwa chake, ndi pomwe anthu aganyu aja anakumba mozama pochotsa mizu, dothi linali lofewa ndipo madzi ankalowa bwino. Ndinkadziuza zimenezo tsiku lililonse.

Mphepo itayamba kufunda, mitengo ya kudambo ikutulutsa masamba ofiira, madala anagogoda pa chitseko cha khitchini cha m'ma teni m'mawa. Anali atavula chipewa, ndipo m'manja munali kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu wamkulu, atamusadzula bwino masamba akunja, mame adakali pamwamba.

"Woyamba ndi uyu, mayi. Wa pabedi lachitatu. Munandichitira chifundo pondilozera mwana wanga, ndiye ndati woyambayu mudye inu."

Ndinamulandira ndi manja awiri. Anali wolemera, wozizira. Ndinati zikomo, ndipo ndinayembekeza kuti achoka, kuti ndimukulunge m'nyuzipepala ndikamutaye kudambo. Koma sanachoke. Anaima pomwepo akumwetulira, akufuna aone mmene m'kati mwake munalimbira. Ndinamuika pathabwa, ndinatenga mpeni, ndipo ndinamudula pakati iwo akuyang'ana.